Mzere Wotsala pa Khadi la Kiyi

Dzina lake lenileni linkamveka m'mawa mokha, aphunzitsi akamaitana mayina. Ena onse ankamutcha Kiyi, chifukwa cha kiyi wa nyumba amene ankalendewera m'khosi mwake pa chingwe cha nsapato. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, wamtali, wosalankhulalankhula. Belu lowerukira likangolira, anzake akadali kulongedza mabuku, iye amakhala atadutsa kale pageti, kiyi uja akumumenya pachifuwa.

Ankakhala pa nyumba yosanja, pamwamba penipeni, masitepe makumi anayi ndi awiri kuchokera pansi. Zipinda zinali ziwiri. Chamkati munkagona iye ndi amayi ake. Chakunja, chomwe kale chinali pabalaza, munali bedi lachitsulo la bambo ake, mpando wamikono pafupi ndi zenera, ndowa, ndi chingwe choyanikapo matawulo.

Bambo akewo anayendetsa lole zaka makumi awiri. Tsiku lina akukunga katundu anangogwa, chingwe chili m'manja. Madokotala anati ndi sitiroko. Atatuluka m'chipatala amuna anayi anawakweza masitepe aja atawakhazika pampando, akupumira pakona iliyonse. Mbali yonse ya kumanja inali itafa. Mawu nawonso anathawa, kunangotsala amodzi okha, amene ankauza anyamata a palole pomwe akunyamuka: "Tiyeni." Akafuna madzi, tiyeni. Akamva kuwawa, tiyeni. Abusa atabwera kudzawapempherera, atangoti amen, bambo anati tiyeni, nyumba yonse inaseka mpaka misozi, eni akenso akuseka ndi theka la pakamwa.

Amayi a Kiyi ankagwira ntchito yochapa ndi kusita ku hotela. Ankalowa masana n'kuweruka madzulo, choncho m'mawa ankasamala amuna awo, ndipo Kiyi ankawalandira akachoka kusukulu. Nthawi zambiri ankakumana pamasitepe, wina akukwera wina akutsika.

"Adya theka. Uwatembenuze ikamakwana thuu. Usatsegulire munthu."

"Chabwino amayi."

Kucheza kwawo kwa tsiku kunali komweko. Loweruka amayi ankagwira tsiku lonse. Lachitatu lokha ndi limene ankapuma.

Ntchito Kiyi ankaidziwa bwino. Kuwatembenuza maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda, kuwamwetsa phala pang'onopang'ono kuti lisawatsamwe, kuwapukuta malovu, kuwasuntha kuchoka pabedi kupita pampando atawakolowekera dzanja lamoyo m'khosi mwake. Pampandopo ankawamanga nsalu pachifuwa kuti asatsetsereke. Panalinso ntchito zina zimene mwana wamkazi sayenera kuchitira bambo ake, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo. Ikafika nthawi yake iye ankayang'ana kukhoma, iwo ankayang'ana kudenga.

Zenera linali ndi zitsulo zotchinga akuba, ndipo linkayang'ana kubwalo la sukulu. N'komwe Kiyi anayamba kuonera masikauti. Lachitatu lililonse masana ankafola ndi mipango yawo m'khosi, akulamulidwa ndi aphunzitsi a masamu, bambo woonda wovala kabudula, amene ana ankangowatcha a Wezulo. Anawaonera chaka chathunthu. Kenako tsiku lina, amayi ake akusita yunifomu yake, anati:

"Amayi, Lachitatu mumakhalapo."

"Ndiye?"

"Masikauti amakumana Lachitatu. Maola awiri okha."

Amayi anaimika simbi. "Ine Lachitatu ndimapuma, kapena ndimangosintha malo ochapira?" Anasitanso kolala kawiri konse. "Pita. Koma ikamati folo ndikuone pano."

Tsiku loyamba a Wezulo anamupatsa khadi lachikasu lokhala ndi mizere isanu ndi iwiri. Anati sikauti watsopano akakhoza zonse zolembedwapo, iwo n'kusayina mzere uliwonse, amalandira baji yoyamba yosokerera pamkono. Panali lonjezo ndi malamulo, chithandizo choyamba, kuyatsa moto ndi machesi awiri okha, kupeza njira ndi kampasi, kudzutsa tenti, kumanga mfundo zinayi, ndipo pansi penipeni, ulendo wapansi wa tsiku lonse.

Lonjezo analiloweza akutsuka ndowa. Moto unayaka ndi kamtengo koyamba. Pa chithandizo choyamba mpomwe anadabwitsa anthu. Anyamata awiri ankayesa kudzutsa mnzawo wonamizira kukomoka, akumukoka manja ngati thumba.

"Mumugulula phewa," anatero Kiyi, kuyiwala kuti ndi mlendo. Anagwada, anapinda bondo la mnyamatayo, n'kumutembenuza ndi dzanja limodzi.

"Iwe unaphunzira kuti zimenezi?" anafunsa a Wezulo.

"Kunyumba, sala."

Sanafunsenso, anangosayina.

Mfundo ndi zimene zinamukanika. Yolumikiza zingwe ziwiri inkatuluka yopotoka, akaikoka n'kumasuka. Yopulumutsira munthu, imene siyenera kuthina m'chiuno ngakhale uikoke chotani, yake inkathina mpaka mnzake anakuwa. A Wezulo anamubwereka chingwe kuti akayeserere kwawo.

Ankayeserera pa zitsulo za pazenera, bambo ake ali pampando pambali pake. Tsiku lachitatu, atalakwitsa kachisanu, anamva phaa! Bambo amenya mkono wa mpando ndi chikhatho.

"Madzi, ababa?"

"Tiyeni!"

"Mukufuna kugona?"

"Tiyeni! Tiyeni!" Dzanja lamanzere linali litatambasuka, likuloza chingwe.

Anawapatsa. Anachiika pantchafu, kuchipinda ndi zala, kuluma nsonga ina ndi mano, koma chingwe chinaterereka n'kugwa. Anayesanso, chinagwanso. Thukuta linatuluka pamphumi. Kiyi anatola chingwecho, anakhala pamkono wa mpando kumbali yakufa ija, n'kuika dzanja lake lamanja pomwe pakanakhala la bambo ake. Iwo anagwira mbali yawo, iye yake. Akalowetsa nsonga kolakwika ankamumenya kachala. Akalondola ankang'ung'udza. Mfundo inatuluka yosalala, yogona bwino ngati ya m'buku.

Masabata atatu amenewo anali abwino koposa m'nyumbamo chigwereni bambo. Anamuphunzitsa zinayi za pakhadi, n'kuwonjezera yawo ya madalaivala, yokungira katundu kuti chingwe chizilira ukachikhudza. Kiyi anakunga nayo chingwe cha matawulo, ndipo amayi atabwera anafunsa kuti kunabwera mwamuna wanji m'nyumba muno. A Wezulo ataiona anapempha kuti awaphunzitseko iwonso.

Mizere isanu ndi umodzi inadzaza. Unatsala wa ulendo, ndipo ulendo unkachitika Loweruka.

"Loweruka ayi," anatero amayi. "Ukudziwa wekha."

"Nanga azakhali?"

Azakhali anali mlongo wawo wa bambo, mwini saluni kutsidya kwa tawuni. Ankabwera kamodzi pamwezi ndi malalanje, kulira pang'ono, kukonza pilo amene anali wokonza kale, n'kumapita. Kiyi atawapempha anadziguguda pachifuwa.

"Mwana wa achimwene anga, ungavutike ine ndilipo? Ndifika mbandakucha. Chibale ndi fupa, sichiwola."

Azakhali atatsika, amayi anati, "Fupalo likanakhala lokwera masitepe, bwenzi tikupumako."

Loweruka lake Kiyi anavala yunifomu, anakulunga mpango, anaika buledi ndi botolo la madzi m'chikwama. Amayi anapita kuntchito. Anadikira. Pazenera anaona anzake akufola, a Wezulo akuwawerenga, kenako mzere wonse ukutuluka pageti n'kukhota pakona. Azakhali anatumiza uthenga masana kuti kunabwera mkwatibwi ndi anamwali ake asanu, sakanawasiya mitu ili theka.

Lachitatu lotsatira anzake asanu ndi atatu analandira mabaji. Kiyi anaima pamzere akuwomba m'manja. A Wezulo anamuitanira pambali.

"Ulendo wina ulipo Loweruka lomaliza la teremu. Ukauphonya umenewo, mpaka chaka chamawa. Vuto n'chiyani kwanuko?"

"Palibe, sala. Ndinadwala mutu."

Sankafuna kuti gulu lidziwe. Kusukulu kunali malo okhawo kumene sankanunkha mankhwala opaka zilonda.

Azakhali analonjezanso, ulendo uno analumbira kumene. Ndipo Loweruka lomaliza lija Kiyi anaimanso pazenera atavala yunifomu, akuyang'ana msewu. Seveni inakwana. Anzake anayamba kufika pabwalo. Anawaimbira azakhali pa foni ya m'nyumba, inangolira osayankhidwa. Anaimbanso, inali yozimitsa.

Bambo anali pampando, atasamba, atadya. Anayang'ana kubwalo, kenako anayang'ana mwana wawo. Kiyi anagwada patsogolo pawo.

"Ababa, ndi lero lokha. Ndibwera folo isanakwane. Ndipite?"

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Diso lakumanzere linali lonyowa, koma linkanyowa masiku onse.

"Tiyeni," anatero chapansipansi.

Kiyi sanafune kufunsanso kachiwiri. Anakokera tebulo kumbali yamoyo, anaikapo madzi m'botolo la kapaipi, buledi wonyowetsa mu tiyi, thawulo, ndi botolo lokodzeramo. Anatsegula wayilesi. Anawaikira mapilo m'mbali, anawamanga nsalu ija pachifuwa ndi mfundo yosathina, mfundoyo anaiika kumbali. Anakhoma chitseko n'kutsika masitepe awiriawiri.

Analowa m'gulu la anzake, ndipo anayenda kudutsa msika, kudutsa magalaja ndi mafakitale, mpaka nyumba zinayamba kutalikirana. Anzake ankaimba. Iye ankangofunsa nthawi kwa mtsikana wina amene anali ndi wotchi, mpaka mtsikanayo anati, "Kodi uli ndi ndege yoti ukwere?" Itakwana nayini mtima unamuuza kuti ino ndi nthawi yowabwezera pabedi. Itakwana leveni anaganiza za buledi, ngati sanawatsamwe. Pa mlatho wa njanji anatsala pang'ono kubwerera, koma a Wezulo anamupatsa kampasi ndi mapu kuti atsogolere gulu kukwera phiri.

Pamwamba pa phiripo mphepo inkawomba mpango wake. Tawuni yonse inali pansi, yaing'ono, ndipo anayesa kupeza nyumba yawo koma sinkaoneka. Anyamata anayambitsa mpikisano wokokana chingwe, iye anamanga mfundo yapakati, gulu lake linapambana, onse anagwa chagada paudzu akuseka. Anaseka mpaka m'mimba kuwawa. Anadya buledi wake, anagona chagada kuyang'ana mitambo. Pamene ankafunsanso nthawi, ola lathunthu linali litapita osaganizako za kunyumba. Patapita zaka ankanena kuti pa zonse za tsikulo, ola limenelo ndi limene linkamuimba mlandu kwambiri.

Pobwerera anasiya gulu pamsika n'kuthamanga. Atafika pansi pa masitepe anapeza ana a m'nyumba zina atakhala chete, akumuyang'ana. Pamwamba chitseko chawo chinali pululu, loko atalendewera, matabwa atang'ambika.

Zimene zinachitika anamva kwa atelala, mayi wa nyumba yapansi pawo. Cha m'ma teni anamva chinthu cholemera chikugwa pamwamba pa mutu wawo, kenako kugogoda kosalekeza. Anakwera, anapeza pokhoma. Mkati munthu ankangoti tiyeni, tiyeni. Anaimbira kuhotela, koma amayi a Kiyi anali kuchipinda cha makina, uthenga unawapeza mochedwa. Pamapeto pake anaitana kalipentala wa pakona kudzathyola chitseko. Anapeza bambo ali chafufumimba pansi, dzanja lakufa litapindikira kunsi kwa thupi, pamphumi potemeka, atadzinyowetsa. Botolo la madzi linali litagubuduzika mpaka kukhoma. Nsalu ija inali pampando, mfundo yomasulidwa bwinobwino. Bambo anaimasula okha ndi dzanja limodzi kuti atole botolo.

Tsopano anali pabedi, bandeji pamphumi, phewa litatupa. Amayi anali atakhala m'mphepete mwa bedi, akadali ndi epuloni ya kuntchito.

"Wakuloleza ndani?"

Kiyi anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa iwe. Wakuloleza ndani kusiya bambo ako atawamanga ngati mbuzi, n'kuwakhomera?"

"Ndinawafunsa."

"Unafunsa ndani?"

"Ababa."

"Ndiye anati chiyani?"

Kiyi anatsegula pakamwa, koma anamva yekha mmene yankho likanamvekera. Analinena chonchobe. "Anati tiyeni."

Wina pakhomo anaseka n'kudzigwira pakamwa. Amayi anaimirira, dzanja lili m'mwamba, koma silinatsike. Anakhalanso pansi n'kuphimba nkhope ndi epuloni.

Azakhali anafika dzuwa likulowa, atamva nkhani. Analowa ndi mfuwu. "Ana a masiku ano! Kusiya bambo wokubala chifukwa cha kansalu ka m'khosi! Akanafa bwenzi ukuti chiyani? Alamu, mwanayu mumamulekerera."

Bedi linagwedezeka. Bambo anadzutsa mutu, nkhope itafiira, dzanja lamanzere likuloza mlongo wawo, kenako likuloza chitseko chothyoka chija.

"Tiyeni! Tiyeni! Tiyeni!"

Tsiku limenelo aliyense anamva zimene ankatanthauza. Azakhali anatola chikwama chawo, ndipo panapita miyezi itatu asanabwerenso.

Za masikauti zinathera pomwepo. Amayi sanachite kuletsa ndi mawu. Kuhotela anawachotsera Lachitatu kwa miyezi iwiri chifukwa chothawa ntchito pakati, ndipo pomwe Lachitatulo linkabwerera, phewa la bambo linali loti pamafunika anthu awiri powasuntha. Kiyi naye sanapemphenso.

Sukulu itatsegulira, masana ena kunamveka kugogoda. Anali a Wezulo, ali wefuwefu, atagwira bondo. Amayi anali asanatsike. Aphunzitsiwo analowa, anaona bedi, ndowa, matawulo, munthu ali pampando. Anavula chipewa.

"Mayi, ndabwera ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi kupepesa. Mwanayu ndakhala naye miyezi isanu osadziwa za kuno. Ndikanafunsa bwino, ulendo uja tikanaukonza mwina."

"Mukanaukonza bwanji, aphunzitsi? Mukanabwera kudzakhala nawo inuyo?"

A Wezulo anayang'ana chipewa chawo. "Mwina akazi anga. Kaya. Koma ndikanayesa."



"Chachiwiri ndi ichi." Anatulutsa khadi lachikasu, mizere yonse itasayinidwa, ndi kabaji kobiriwira. "Ndinalimbana nayo mumtima. Sikauti sasiya munthu amene akumudalira, ndipo iwe unasiya. Koma ulendo unayenda, phiri unatitsogolera, ndipo chithandizo chimene ena amaphunzira pa mnzawo wonamizira iwe umachita tsiku ndi tsiku. Ndi yako. Timaperekera pamaso pa gulu, koma ndaona kuti gulu ulibe nalo mpata."

Kiyi anaima njo pakati pa bedi ndi tebulo, anakweza zala zitatu n'kunena lonjezo. Mawu anamuthera pakati, a Wezulo anamuthandiza kumaliza. Kenako aphunzitsiwo anapita kwa bambo n'kuwagwira dzanja lamanzere.

"Mfundo yanu ija ndikuphunzitsa ana onse, bambo."

Lamulungu amayi anatenga singano n'kusokerera baji pamkono wa malaya. Anaisoka mopendekeka, anaphwasula, anasokanso. Malayawo anawapachika kuseri kwa chitseko, ndipo anakhala pomwepo mpaka anamuchepera.

Bambo anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi zinayi. Kiyi anamaliza sekondale movutikira, ndipo atapeza malo ku sukulu ya unamwino ya tawuni ina anawabweza, chifukwa miyendo ya amayi inali itayamba kutupa ndi kuimirira kwa zaka zonse zija. Atelala anamuphunzitsa makina, anayamba kusokera m'nyumba momwemo, pafupi ndi bedi. Mnyamata wina wokonza magetsi anamufunsira, anakwera masitepe aja chaka chathunthu, kenako anatopa. Ngati bambo anamulolezadi tsiku lija kapena ankamupempha kuti asapite, Kiyi sanadziwe. Anawafunsapo kamodzi ali awiri. Iwo anangomugwira dzanja n'kutseka maso.

Bambo anamwalira m'mawa wina wa mvula, akumwetsedwa phala. Maliro atatha, abale atabalalika, linafika Loweruka loyamba lopanda womudikira. Amayi anati, "Tatuluka, ukaone anthu. Ukhala ngati mpandowo."

Anavala nsapato, anatsika. Anayenda osadziwa kolowera, kudutsa msika, kuima pa mashopu kuyang'ana zinthu zimene sankazifuna. Pa siteji basi inaima, kondakitala anamufunsa kuti asisi mukupita kuti, iye anapukusa mutu. Anakhala pabenchi kuonera anthu. Kenako anapezeka ataimirira, akuyenda mofulumira, ndipo anazindikira ali pakati pa masitepe kuti maola awiri akwana ndipo miyendo yamubweretsa yokha kudzatembenuza munthu amene kulibe. Anakhala pansi pomwepo, pa sitepe, mpaka kupuma kunabwerera.

Atalowa anapeza amayi akumasula matilesi pa bedi lachitsulo lija.

"Wabwereranji msanga?"

"Kunja kukutentha."

Amayi anamuyang'ana, anayang'ana mitambo pazenera, osatsutsa.

"Ndiye gwira uko. Atelala akuti apongozi awo agwa m'bafa, abwera nawo mawa kuchokera kuchipatala. Bedi akulifuna, ndipo akuti ukawaonetse kanyamulidwe kake."

Kiyi anavula nsapato, anagwira kumiyendo kwa bedi, amayi kumutu, anayamba kulitulutsa cham'mbali kuti likwane pakhomo.